Tisanapale Chilema cha Pachitsulo, Tiyambe Tachiwerenga

Pali mavalavu a chitsulo cha steel amene ndinawapeza atandandalikidwa pansi m'mawa wina m'fakitale yosungunula zitsulo imene ndinkagwirako ntchito, ndipo mpaka lero sanachoke m'maganizo mwanga. Tinali titawafukula m'zikombole za mchenga ndi kuwatsuka m'makina a shot blast, amene amawombera katundu ndi timipira tachitsulo, kotero kuti khungu lawo linkaoneka bwino lomwe. Woyeza katundu wochokera kwa amene anatipatsa ntchitoyo anadutsa ndi choko m'manja akuzunguliza paliponse pamene sanakhutire napo, ndipo pomwe ankamaliza, pafupifupi valavu iliyonse inali ndi mabwalo a choko. M'kati mwa mabwalowo munali timaenje tosaya, tina tokhala ndi zinthu zooneka ngati dothi louma.

Aliyense amene anagwirapo ntchito imeneyi akudziwa mkangano umene umabuka zikatere. A ku ng'anjo ananena kuti chitsulo chawo chinali choyera, pakuti zotsatira za ku labotale zinasonyeza kuti carbon, manganese ndi silicon zinali m'malire ake, choncho mchenga wa chikombole ndiwo unagumuka. Oumba zikombole anayankha kuti mchengawo ndi womwe uja akhala akuumbira zinthu zina popanda dandaulo lililonse. Ine ndinkayang'anira chigawo chomalizitsa katundu, ndipo lamulo linali litandifika kale lakuti tipale malo onse olembedwa choko, tiwotcherere, katundu anyamuke.

## Pamene grinder inazimitsidwa

Mnyamata wopala zitsulo anali atangoyatsa grinder pamene mkulu wina wa oumba zikombole, bambo wokalambira pantchitoyo, anamugwira paphewa.

"Tazimitsani kaye, achimwene. Mukapala pamenepo, tikangana mpaka chaka chamawa."

Kenako anatembenukira kwa ine nati, "Bwana, tabwerani tione limodzi. Valavuyi inagona bwanji m'chikombole? Mbali iti inali kumwamba?"

Ndinawaonetsa mzere umene magawo awiri a chikombole amakumanirana. Tinatembenuza mavalavu angapo, ndipo zinaoneka poyera kuti mabwalo a choko anali ochuluka kumbali imene inayang'ana kumwamba pothira, makamaka pamalo afulati ndi kunsi kwa core (mchenga woumbidwa umene umasiya mphako m'kati mwa katundu), pamene mbali ya pansi inali yosalala. Iwo anatulutsa kamsomali ndi galasi lokulitsira zinthu m'thumba la ovololo yawo, nayamba kutokosa kadzenje kamodzi mosafulumira. Zimene zinatuluka sizinali njere za mchenga zothothoka imodziimodzi. Chinali chikhungwa cholimba, chobiriwira pang'ono, chooneka kuti chinasungunukapo kenako n'kuumanso, ndipo njere zochepa za mchenga zinali zitangomatirira pamenepo.

"Mchenga wogumuka sunyezimira chonchi," iwo anatero. "Ndiponso chikombole chikagumuka, chimasiya chotupa pachitsulo pamalo pamene mchengawo wachoka. Tafunafunani chotupacho, mundionetse."

Tinafunafuna ndipo sitinachipeze. Ndinawafunsa kuti, "Nanga bambo, ngati si mchenga ndiponso si ng'anjo, dothili likuchokera kuti?" Sanayankhe, koma anandiuza kuti ndikaime nawo pambali nthawi yothira ikakwana, ndipo ndikatchere khutu kuposa maso.

Madzulo amenewo ndinaona ladle, mphika wonyamulira chitsulo chamadzi, itapachikidwa patali ndi pakamwa pa chikombole chifukwa zitsulo zopanikizira chikombolecho zinkatchinga. Chitsulo chamadzi chinkagwa mtunda wautali, chikumwazika, ndipo kapu yolandirira chitsulo pakamwa pa chikombole inkadzaza n'kuphwa, kudzaza n'kuphwa. Nthawi iliyonse ikaphwa, munkamveka phokoso longa la botolo limene likumira m'madzi. Mkulu uja anandikodola ndi chigongono. Phokosolo linali la mpweya umene unkamezedwa pamodzi ndi chitsulo.

## Dothi lobadwira m'njira

Chitsulo cha steel chimathiridwa chili pa madigiri a Celsius pafupifupi 1,600, ndipo pa kutentha kumeneko chimalanda okosijeni paliponse pamene chakhudzana ndi mpweya. Aluminium, silicon ndi manganese zimene timaika dala mu ladle kuti zichotse okosijeni m'chitsulo ndi zomwezo zimene zimayamba kupsa chitsulocho chikamwazika mumpweya, ndipo zikapsa zimasanduka ma oxide. Chitsulo chikayenda modekha, kakhungu ka oxide kamakhala pamwamba n'kukankhidwira kumakoma a chikombole. Chikawinduka ndi kuthovoka, kakhunguko kamapindikira m'kati, kamakumana ndi tinzake, kamatola njere za mchenga m'njira, kenako kamayandama chifukwa n'kopepuka kuposa chitsulo. Kamakaima pamene kagunda denga, ndipo dengalo ndi mbali ya kumwamba ya katundu wathu. N'chifukwa chake labotale inkanena zoona kuti chitsulo cha mu ng'anjo chinali choyera, oumba zikombole nawonso ankanena zoona, koma katundu anali wodetsedwa ndithu.

John Campbell, amene anaphunzitsa za kusungunula zitsulo pa University of Birmingham, ndiye anatchukitsa mfundo yakuti chitsulo chamadzi chikalowa m'chikombole pa liwiro loposa pafupifupi theka la mita pa sekondi, pamwamba pake pamasweka ndipo kakhungu kaja kamalowa m'kati. Chodetsa nkhawa n'chakuti chinthu chongogwa chokha chimafika pa liwiro limenelo chikangotsika mamilimita pafupifupi 13, ndipo chikagwa mita yathunthu chimakhala chikuthamanga mamita oposa 4 pa sekondi. Palibe fakitale imene ingathire chitsulo popanda kuchigwetsa konse, koma pali kusiyana kwakukulu pakati pa kuchigwetsera mu sprue (njira yoimirira imene chitsulo chimatsikira m'chikombole) yodzaza, yochepera kumunsi kuti isasiye mpata wa mpweya, ndi kuchiponya mu sprue yotakasuka imene imayamwa mpweya ulendo wonse.

Tinasintha zinthu zazing'ono. Tinasuntha zopanikizira kuti ladle itsike pafupi, tinakonza kapu yolandirira kuti izikhala yodzaza kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo tinatembenuza njira za chitsulo kuti chizilowera pansi pa katundu n'kumakwera pang'onopang'ono. Mabwalo a choko anachepa moonekeratu. Koma chimene chinasintha kwambiri kwa ine ndi dongosolo la m'chigawo changa: kuyambira pamenepo, katundu woyamba kupezeka ndi chilema sapalidwa, njira zake za chitsulo sizitayidwa, ndipo timalembapo mbali imene inali kumwamba, nambala ya chitsulo chimene chinasungunulidwa, kutentha kwake pothira ndi masekondi amene kuthirako kunatenga.

## Mchenga uli nayo milandu yake

Sindikufuna kuti wina aganize kuti mchenga umangonamiziridwa. Uli ndi milandu yambiri, ndipo waukulu umachokera ku khalidwe la silica, amene ndiye mchenga wofala kwambiri poumba zikombole. Njere za silica zikatenthedwa kufika pa madigiri 573 zimasintha kapangidwe ka m'kati mwake ndi kufufuma mwadzidzidzi. Pamene chitsulo chikukwera m'chikombole, kutentha kwake kumawamba denga chisanalikhudze n'komwe. Kachigawo kopyapyala ka mchenga wa pamwamba kamauma n'kufufuma, pamene kuseri kwake kuli mchenga wozizira umene wanyowa kwambiri ndi nthunzi yothawa kutenthako. Kachigawo kouma kaja kamasowa kolowera, kamapindika, kamang'ambika, ndipo nthawi zina kamatukuka. Kakangong'ambika pang'ono, pachitsulo pamatsala kamzere kokumbika kamene amisiri amati rat tail. Kakatukuka ndithu, chitsulo chimalowa kuseri kwake n'kupanga nkhanambo yopyapyala yokhala ndi mchenga kunsi, yomwe imatchedwa scab. Core ikang'ambika mwa njira yomweyo, chitsulo chimalowa m'mng'alumo n'kusiya timitsempha totukuka m'kati mwa katundu, mmene grinder singafike mosavuta.

Chimene chimasokoneza ophunzira ntchito n'chakuti chikombole chotsenderedwa mwamphamvu kwambiri ndicho chimakonda kuchita nkhanambo, chifukwa njere zothinana zilibe mpata wofufumira. Kuthira mozengereza kumawonjezera vutolo, popeza denga limawambidwa nthawi yaitali lisanapanikizidwe ndi chitsulo.

Mlandu wachiwiri ndi wa mchenga womatirira pachitsulo moti ngakhale shot blast imalephera kuuchotsa. Umachitika m'njira ziwiri zimene zimafanana pamaso. Njira yoyamba ndi yakuti chitsulo chotentha kwambiri, kapena chopanikizidwa ndi kulemera kwa chinzake cha pamwamba, chimalowa m'mipata ya pakati pa njere, makamaka ngati mchenga ndi wa njere zikuluzikulu kapena sunatsenderedwe mokwanira. Njira yachiwiri ndi ya kusakanikirana kwa zinthu. Silica payekha sasungunuka mpaka kutentha kutapitirira madigiri 1,700, choncho munthu angaganize kuti chitsulo cha madigiri 1,600 sichingamuchite kanthu. Koma oxide ya chitsulo ikakhudzana ndi silica imapanga fayalite, imene imasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,200 okha. Madzi a fayalite amanyowetsa njere za mchenga, amatsegulira chitsulo njira, ndipo zonse zikazizira mchenga ndi chitsulo zimakhala zitagwirana kukhala chinthu chimodzi. Malo ochitikira zimenezi amadziwika: m'makona a m'kati, pa core yopyapyala yozunguliridwa ndi chitsulo chochindikala, ndi kunsi kwa riser (nkhokwe ya chitsulo chamadzi yodyetsa katundu akamauma), kulikonse kumene mchenga umakhala wotentha nthawi yaitali.

Apa m'pamene zikuonekera chifukwa chimene wosungunula steel amavutikira ndi khungu la katundu kuposa wosungunula cast iron (chitsulo cha carbon wochuluka kwambiri), amene amathira chitsulo chake pa kutentha kotsikirapo ndi madigiri mazana angapo. Mankhwala ake ndi kupaka chikombole utoto wa zircon, kapena kuika mchenga wa chromite kapena wa zircon pamalo otentha kwambiri. Chitsulo cha manganese wochuluka, chimene Robert Hadfield anatulukira ku Sheffield mu 1882 ndipo chimagwiritsidwabe ntchito m'makina ophwanya miyala, chimadya silica mwankhanza kwambiri, kotero kuti ochithira amakonda mchenga wa olivine kapena chromite ndi utoto wa magnesite. Utoto nawo si wongopaka mwachisawawa, chifukwa ukachindikala kwambiri umasweka n'kugwera m'chitsulo, ndipo ukathiridwa chitsulo usanaume umabala vuto lotsatirali.

## Timabowo ta mpweya

Bowo la mpweya limadziwika ndi m'kati mwake. Limakhala lozungulira kapena lotalika ngati dontho, losalala, ndipo kawirikawiri lonyezimira, pamene bowo lobwera chifukwa chitsulo chinachepa pouma limakhala lokhakhala ndi losongokasongoka m'kati. Kusiyanitsa awiriwa n'kofunika, pakuti loyamba limatitumiza ku mchenga kapena ku ng'anjo, pamene lachiwiri limatitumiza kwa wojambula ma riser.

Gwero lofala ndi madzi. Madzi akasanduka nthunzi amakula pafupifupi ka 1,700, ndipo akakhudzana ndi chitsulo chamadzi amaswekanso n'kupereka hydrogen, imene chitsulo chimamwa chikakhala chamadzi n'kuilavula chikamauma. Madziwo angachokere mumchenga wonyowa mopitirira muyezo, mu ladle imene yangomangidwa kumene ndipo sinawambidwe bwino, kapena m'dzimbiri la chill (kachitsulo koikidwa m'chikombole kuti kaziziritse msanga malo ochindikala) ndi tizitsulo tochirikizira core. Nitrogen imachokera kawirikawiri ku mankhwala omatira mchenga amene ali ndi urea, n'chifukwa chake osungunula steel amasankha mankhwala omatira, otchedwa resin, a nitrogen yochepa. Ndipo ngati chitsulo sichinachotsedwe okosijeni mokwanira, carbon yake imagwirizana ndi okosijeniyo pouma n'kupanga mpweya wa carbon monoxide.

Timabowo timeneti tili ndi khalidwe loipa lobisala pansi penipeni pa khungu. Shot blast imatha kutiphimba pophwanyira chitsulo pakamwa pake, katundu n'kuoneka wabwino, kenako n'kudzaonekera kwa kasitomala atasema kale mamilimita awiri kapena atatu pamakina ake. Chilema chotulukira pa nthawi imeneyo ndicho chowawa kwambiri, chifukwa ntchito yonse yosema imakhala yapita pachabe.

## Kukonza kuno, kuwononga uko

Chimene chimandichititsa kukayikira malangizo achidule pa nkhani imeneyi n'chakuti pafupifupi mankhwala aliwonse a chilema chimodzi ndi chiyambi cha chilema china. Woyang'anira akaona mchenga womatirira amalamula kuti kutentha kothirira kutsitsidwe. Sabata yotsatira katundu wopyapyala amatuluka ndi makwinya, kapena ndi mzere wa milomo yobulungira pamene mitsinje iwiri ya chitsulo inakumana itazizira kale n'kulephera kulumikizana, chilema chimene chimatchedwa cold shut. Nthawi zina chitsulo chimauma chisanafike n'komwe kumapeto kwa chikombole. Zitsulo za chromium wochuluka, monga stainless steel, zimachita makwinya msanga chifukwa kakhungu kawo ka oxide n'kolimba ndipo sikasungunukanso mitsinje ija ikakumana. Akakweza kutenthako kuti makwinya athe, mchenga umayambiranso kumatirira, mpweya umachuluka, ndipo ming'alu imayamba.

Ming'alu ndiyo imaopsa koposa pa zilema zonse, chifukwa katundu akayamba kunyamula mphamvu mng'alu umakula. Steel imachepa pafupifupi magawo 2 pa 100 alionse m'litali kuchokera pamene yauma kufikira itazizira, ndipo n'chifukwa chake pateni, chifanizo cha katundu choumbira chikombole, imapangidwa yokulirapo. Kuchepako kumayamba pamene chitsulo sichinathe kuuma, timadzi tochepa tikadali pakati pa njere zake, ndipo pa nthawi imeneyo chilibe mphamvu. Ngati core yolimba kwambiri ikukana kuphwanyika, kapena mbali yopyapyala yauma kale ndipo ikukoka mbali yochindikala imene idakali yofewa, chitsulo chimang'ambika. Mng'alu wotere umakhala wokhotakhota, wakuda m'kati chifukwa unapsa ndi mpweya chitsulo chili chotentha, ndipo umapezeka pakona yakuthwa kapena pamene chochindikala chikumana ndi chopyapyala. Mng'alu wobwera chitsulo chitazizira kale umakhala wowongoka ndi woyera m'kati, ndipo nthawi zambiri umaloza ku kufukula katundu msanga, kumudula ndi moto asanatenthetsedwe, kapena kumugwetsa.

Sulufule ndi phosphorus zimakulitsa ngozi ya ming'alu yotentha chifukwa zimachititsa timadzi tija kuchedwa kuuma. Sulufule ikagwirizana ndi chitsulo imapanga chinthu chosungunuka pa madigiri osafika 1,000, ndipo imodzi mwa ntchito za manganese m'chitsulo ndi kugwira sulufuleyo isanachite zimenezo. Komabe ming'alu yambiri imene ndaiona inabadwira pa pepala la wojambula, amene anaika kona yakuthwa pamene pakanakhala kona yobulungira. Oumba zikombole amayesa kupulumutsa zinthu ndi chill kapena ndi nthiti zing'onozing'ono zodzadulidwa pambuyo pake, koma kukambirana ndi wojambula pateni isanapangidwe kumathandiza kuposa zonsezo.

Core nayo ili pakati pa zofuna ziwiri zotsutsana. Ikachuluka resin imakhala yolimba, imatulutsa mpweya wambiri ndipo imang'amba chitsulo. Ikachepa resin imakokoloka ndi chitsulo chothamanga n'kumwaza mchenga weniweni m'katundu, ndipo pamenepo a ku ng'anjo amakhala akunena zoona.

## Muyezo ndi kuwotcherera

Palibe katundu wothiridwa mumchenga amene amatuluka wopanda kachilema n'kamodzi komwe, choncho wogula ndi wopanga ayenera kugwirizana ntchito isanayambe kuti chololedwa n'chiyani. Opanga mavalavu ndi zolumikizira mapaipi amagwiritsa ntchito kwambiri muyezo wa MSS SP-55, umene uli ndi zithunzi zoonetsa chilema chololedwa ndi chosaloledwa. Muyezo wa ASTM A802 umadalira timbale ta SCRATA, timene ndi zifanizo za khungu lenileni la chitsulo zimene woyeza amaika pambali pa katundu n'kuyerekeza ndi maso ndi zala. Zida zimenezi zimathetsa mikangano ndi kasitomala, koma funso limene zimayankha ndi lakuti katundu apite kapena abwerere. Za chimene chinabala chilemacho sizinena kanthu, ndipo ndaona mafakitale amene amadziwa magiredi onse a timbaleti pamtima koma akuwotcherera chilema chimodzimodzi pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka.

Kuwotcherera pakokha si chinyengo. Miyezo yambiri ya katundu wa steel imalola, malinga ntchitoyo ichitike mwadongosolo. Chilema chiyenera kukumbidwa chonse mpaka chitsulo chabwino chioneke, ndipo ngati chakumbidwa ndi ndodo ya carbon ndi mpweya, pamalopo payenera kupalidwanso ndi grinder, chifukwa njira imeneyo imatha kusiya kachigawo kolimba kokhala ndi carbon wochuluka kamene kamadzang'ambika pansi pa chowotchereracho. Asanayambe kudzaza, woyeza amatsimikizira kuti mng'alu watheratu pogwiritsa ntchito maginito ndi ufa wachitsulo, umene umaunjikana pamng'alu wosaoneka ndi maso. Chitsulo cha manganese wochuluka ndi mitundu yambiri ya stainless steel sizigwidwa ndi maginito, choncho pa zimenezo amathira utoto wofiira wolowerera m'ming'alu, kuupukuta, n'kuwaza ufa woyera umene umaukokera kunja.

Zitsulo za carbon wochulukirapo zimafuna kutenthetsedwa zisanawotcheredwe ndi kutenthetsedwanso mu ng'anjo pambuyo pake kuti zisang'ambike m'mbali mwa chowotchereracho, pamene chitsulo cha Hadfield chimafuna zosiyana kotheratu, chifukwa chikatentha kwambiri powotcherera chimasanduka chophwanyika. Ndipo wowotcherera akakumana ndi katundu wa timabowo tobisika, amadziwa msanga kuposa wina aliyense m'fakitale, pakuti moto wake umalavula, dziwe la chitsulo limabwata, ndipo pamene wadzaza bowo limodzi pamatseguka ena awiri m'mbali mwake. Katundu wotere ndi wobwezera ku ng'anjo kuti akasungunulidwenso, ndipo wowotchererayo ayenera kukhala ndi ufulu wonena zimenezo popanda kuopa kuti amuyesa waulesi.